Misoti ya Malemu Veronica

Njinga yamoto inaima pakhomo pa Goliati Nzunga Lachitatu m'mawa, mame asanaume. Unali mwezi wa Epulo. M'mudzi mwa Kandota, kumtunda kwa Nzama, munali zii. Anthu anali atapita kokumba kachewere.

Wobwera pa njingayo anali mwamuna wojintcha, wovala jekete yobiriwira ndi jombo zoyera. Kumbuyo anamangirira dengu lalikulu lophimba ndi ukonde. M'dengumo munkalira tinkhuku.

"Odi kuno, madala!"

"Fikani, bambo," anatero Goliati akudzuka pa mpando wandalema.

"Ine ndine Nicholas, mlangizi wa ziweto. Tikuyendera alimi a nkhuku kuno kumapiri. Ndamva kuti muli nazo za tsumba."

"Zinalipo kale. Pano zatsala ndi ana okhaokha."

Goliati anamutengera mlendoyo kuseri kwa nyumba n'kuwaza madeya. Anapiye asanu ndi atatu, a miyezi ngati iwiri, anathamangira pamapazi pake. Aliyense anali ndi katsumba ka nthenga pamutu.

Mlendo uja ananjuta. Anagwira mwanapiye mmodzi, kumutembenuza, kumuuzira nthenga za m'khosi, n'kumuika pambali. Anatero mpaka onse anatha. Kenaka anapukusa mutu.

"Madala, apa mukuwetera mphika. Asanu awa ndi atambala."

"Asanu?"

"Taonani tsumbali. Likazungulira chonchi ngati chipewa, ameneyo ndi tambala. Misoti ndi itatu yokhayi, ya tsumba losongoka. Pomatha mwezi asanu awa ayamba kujomphana mpaka kuchotsana maso."

Goliati anawerama n'kuyang'anitsitsa. Sanaone kusiyana kulikonse.

"Ndiye nditani?"

"N'chifukwa chake tikuyenda. Inu mutipatsa tambala, ife tikupatsani msoti wamakono. Mutu kwa mutu. Simutulutsa kanthu m'thumba. Atambala anuwa tikagawira midzi ina."

Anatsegula dengu. Munali tinkhuku toyera, mitu yake yosalala see.

"Mukuona? Pamutu palibe kanthu. Akanakhala tambala bwenzi lipombo litayamba kale kufiira."

Goliati anazengereza. "Nkhuku izi n'za malemu akazi anga."

Mlendoyo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Pepani kwambiri. Koma mayiwo akanakhalapo, akanasunga atambala asanu m'khola limodzi?"

Funso limenelo linamulasa. Ayi, Veronica sakanatero.

Anasinthana. Za tsumba zisanu zinalowa m'dengu, zoyera zisanu zinatsala pabwalo. Njinga inalira n'kutsetsereka njira ya ku Boma. Goliati anaikwezera dzanja mpaka inabisika m'mabulugama.

Nkhuku za tsumbazo zinali ndi mbiri. Thadzi loyamba Veronica anabwera nalo tsiku lomwe anamutenga chitengwa kuchokera kwawo kuchigwa, ku Sharpevale. Anachita kumupatsa ndi mayi ake. Masiku amenewo Goliati ankagwira ntchito ku njanji, ndipo kumudzi ankafikako pa tchuthi pokha. Nkhukuzo n'zomwe zinkatsala ndi mkazi wake. Zinagula yunifolomu ya Mtendere, mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe tsopano anali namwino ku Lilongwe. Zinalandira alendo. Zinapepesa maliro. Anthu a m'mudzimo akaona nkhuku ya tsumba m'munda mwawo sankafunsa mwini. Ankangoti, "Ya amake Mtendere yalowerera."

Lamulungu akabwerako ku Misa, Veronica ankakhala pakhonde atatambalala, anapiye ali pachitenje. Ankanyamula mmodzimmodzi. Akati, "Uyu ndi wa alendo," ndiye kuti tambala. Akati, "Uyu ndi wa pakhomo," ndiye kuti msoti. Sankaphonya.

"Abambo a Mtendere, tabwerani muone kusiyana kwake," ankamuitana.

Goliati ankabwera ndithu, n'kukhala pambali pake. Koma sankayang'ana nkhuku. Ankayang'ana mkazi wake.

Veronica anamwalira mu Ogasiti chaka chathachi. Mu Okutobala chitopa chinalowa m'mudzi n'kusesa khola. Thadzi limodzi lokha ndi lomwe linapulumuka. Linaswa anapiye mu Febuluwale, kenaka vumbwe analigwira dzuwa likuswa mtengo. Anapiye asanu ndi atatu aja Goliati anawalera yekha m'katoni, pafupi ndi moto. Mtundu wonse wa Veronica unali umenewo.

Zinaululika mu Juni, nthawi ya chisanu. Kunja kutangoyera, Goliati anamva kulira kosasa kuchokera m'khola, ngati kwa munthu wa chimfine. Anamwetulira ali m'bulangete. Mwina ndi tambala wa oyandikana nawo. Kenaka panalira wina. Ndi winanso.

Anatuluka atafunda bulangete lomwelo n'kutsegula khola. Zoyera zija zinatuluka zikukupiza mapiko. Ina inakwera pa mtondo, kusolola khosi, n'kulira. Inzake inaiyankha. Za tsumba zitatu zija nazo zinatukula makosi.

Zonse zisanu ndi zitatu. M'khola lonse munalibe msoti ndi umodzi womwe.

Goliati anakhala pansi pomwepo. Tiyi anazizirira pa mbaula. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo. Dzuwa litapendeka m'pomwe anatenga foni n'kuimbira mlamu wake Emma, mng'ono wake wa Veronica, yemwe ankalima mpunga ku Sharpevale.

Emma anafika m'mawa mwake pa kabaza. Potsika anakonza chitenje ndi dzanja limodzi, ndendende momwe ankachitira mkulu wake. Goliati anayang'ana kumbali.

Emma sanataye nthawi ndi malonje. Anambwandira tambala woyera mmodzi, kumupanira m'khwapa, n'kupatula tinthenga ta pamutu.

"Alamu, tabwerani. Mukuchiona chipsera ichi?"

"Ndikuchiona."

"Lezala ameneyu. Anamudula lipombo ali wamng'ono kuti azioneka ngati msoti. Koma miyendo sanaidule. Taonani kunenepa kwake. Nanga nthenga za m'khosizi, zosongoka ngati singano? Za msoti zimakhala zobulungira kunsonga."

"Nanga za tsumbazi? Iye anati la chipewa ndiye tambala."

"Anakutembenuzirani dala. Msoti ndiye amavala duku lozungulira. Tambala tsumba lake limanyankhalala, limaloza kumbuyo. Munthu ameneyo nkhuku amazidziwa, alamu. Anasankha bwinobwino."

Goliati anayang'ana zikhatho zake. "Ndapereka nkhuku za akulu anu ndi manja angawa."

"Simunapereke. Anakuberani."

"Inu kwanu simunatsale nayo ngakhale imodzi?"

"Zanga za tsumba zinatha kalekale ndi chitopa. Ndinkati ndidzapempha kuno." Emma anamanga tambala uja miyendo ndi luzi. "Valani jekete. Tikupita ku Boma."

Anafika kupolisi cha m'ma 11 koloko. Goliati ankayembekeza kusekedwa. Nkhalamba yonse kudandaula kuti misoti yalira kokoliriko! Koma Sajeni Christobel Likongwe, mayi wamfupi wa maso akuthwa, sanaseke. Anaika tambalayo patebulo n'kuyang'ana chipsera chija.

"Anavala jekete yobiriwira?"

"Eya, bwana."

"Jombo zoyera?"

"Yemweyo."

"Si inu oyamba, agogo. Kwa ena anati ndi Nathan. Kwa ena Steve. Amasankha makomo a anthu achikulire, nthawi yomwe anthu ali kumunda. Ambiri amachita manyazi, sabwera kuno."

"Mumupeza?"

"Tiyesetsa. Koma misoti yanuyo mwina inadyedwa kale. Ndisakunamizeni."

Sajeni anatuma wapolisi mnzake, Edson, kukafunsa pa depoti. Akabaza ankamudziwa mkulu wa jekete yobiriwirayo. Anati amabwera kudzalandira makatoni a anapiye kuminibasi za ku Lilongwe. Anapiye ake anali aamuna okhaokha, aja eni mafamu a mazira sawafuna ndipo amangowataya motchipa. Ena anati misoti yachikuda amakagulitsa kuchigwa, anthu akakolola mpunga. Koma komwe amagona palibe ankadziwa. Njinga yake inalibe nambala.

Edson anadikirira pa depoti masiku angapo. Munthu sanaoneke. Mwezi wa Julaye unatha chimodzimodzi.

Ku Kandota, Goliati ankadzutsidwa m'mawa uliwonse ndi atambala ake. Anthu ankamuuza kuti aphe, adye. Iye sankatha. Mtendere anaimba foni kuti amutumizira nkhuku zina kuchokera ku Lilongwe.

"Si nkhuku yomwe ndikufuna, mwana wanga," anatero. "Ndi ya mayi ako."

Nzeru inachokera kwa Emma. Anakwera minibasi n'kukamupeza Sajeni ku Boma.

"Bwana, khoswe sathamangitsa. Amatchera."

"Nyambo yake?"

"Ine. Ndili ndi anapiye achikuda a miyezi iwiri, khola tho."

Sabata imeneyo Emma anayamba kuyenda ndi ndodo. Anavala magalasi akale a malemu mwamuna wake, omanga ndi ulusi. Kuchigayo, pamjigo ndi pamsika wa Sharpevale ankangodandaula nkhani imodzi. Maso atha. Nkhuku zachuluka. Sakuthanso kudziwa tambala ndi msoti. Amayi anzake omwe ankamudziwa bwino ankaluma milomo kuti asaseke.

Nyambo inagwira kumapeto kwa Ogasiti. Tsiku la msika, mwamuna wina anamupatsa Emma moni pafupi ndi ogulitsa tomato. Jekete anali atasintha. Jombo zinali zomwe zija.

"Agogo, ndamva muli ndi vuto la nkhuku. Ine ndine Steve, mlangizi."

"Mulungu wakutumani, mwana wanga. Mubwere Lachisanu m'mawa. Anthu amakhala atapita kudimba, tikaona bwino popanda phokoso."

Lachisanu, 9 koloko isanakwane, zonse zinali m'malo. Sajeni Christobel anavala chitenje ndi duku n'kukhala pamphasa akupeta mpunga. Edson anabisala kuseri kwa nkhokwe. Goliati anali m'nyumba, diso lili pa kampata ka zenera.

Njinga inafika. Dengu linali lomwe lija.

"Uyu ndi mpongozi wanga," anatero Emma akuloza Sajeni ndi ndodo. "Za nkhuku sadziwa kanthu. Anakulira m'tauni."

Mwamunayo anaseka, kunjuta, n'kuyamba ntchito yake. Kugwira, kutembenuza, kuuzira nthenga. Anapiye a mitu yaing'ono ndi miyendo yowonda ankawaika kudzanja lamanja.

"Awa onse ndi atambala, agogo."

"Kalanga ine! Onsewo?"

"Atambala enieni. Koma musadandaule. Ndabwera ndi misoti yamakono. Mutu kwa mutu."

Sajeni anaika lichero pansi n'kusendera pafupi. "Achimwene, mumadziwa bwanji? Tatiphunzitsaniko ife."

"Ndi sukulu imeneyi, chemwali. Sizophunzira tsiku limodzi."

"Ndione nawo misoti yanuyo?"

Asanayankhe, Sajeni anali atapisa kale dzanja m'dengu. Anatulutsa kamodzi n'kupatula tinthenga ta pamutu. Bala linali lisanapole bwino. Linali lopakidwa phulusa.

"Nanga apa pachitika chiyani?"

"Zimajomphana m'dengumo."

Anatulutsa kachiwiri. Kachitatu. "Zonse malo amodzimodzi? Zili ndi luso nkhuku zanu."

Mwamunayo anaimirira pang'onopang'ono. Chitseko cha nyumba chinatseguka. Goliati anatuluka n'kuima pakhonde.

"Mwadzuka bwanji, a Nicholas?"

Munthu uja anatembenukira kunjinga. Edson anali atakhalapo kale, kiyi ali m'manja. Mwamunayo anakhotera kumunsi, kudumpha mpanda wa udzu, n'kuliyatsa liwiro kulowera kuminda ya mpunga. Ngalande yoyamba anaidumpha. Yachiwiri anaiperewera. Jombo zonse ziwiri zinamira m'matope mpaka m'mawondo. Anayesa kuzula mwendo n'kugwa chafufumimba.

Amayi omwe ankapalira mpunga anaimirira n'kuyamba kukuwiza. Edson anafika osathamanga n'komwe.

"Fote yakwana, alangizi. Manja kumbuyo."

Anamubweretsa pabwalo ali matope okhaokha, wopanda nsapato. Sajeni anali atavula duku. Emma naye anali atavula magalasi, ndodo ataitsamiritsa kukhoma.

"Dzina lako lenileni?" anafunsa Sajeni.

"Silvester."

"Silvester ndani?"

"Silvester Chabuka. Bwana, sindinabe ine. Amapereka okha."

"Ukanena zimenezo kukhoti."

Goliati anamuyandikira. Sanakweze mawu.

"Tsiku lija nditatchula akazi anga, unavula chipewa. Unachigwira pachifuwa. Ndinati mwana uyu analeredwa."

Silvester anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Misoti yanga ili kuti?"

"Ndinagulitsa, madala. Ina inapita ku Balaka. Ina sindikukumbuka."

Masana omwewo Silvester anawatengera komwe ankachita lendi, nyumba ya kumapeto kwa mudzi wina m'mbali mwa msewu wopita ku Boma. Kuseri kunali khola lalitali la nsungwi. Munali anapiye oyera ambirimbiri, ena magazi ali chuchuchu pamutu. Pawindo panali malezala ndi chitini cha phulusa. Emma anatukwana chamumtima n'kuyamba kuwathirira madzi.

Chipinda china cha kholalo chinali cha nkhuku zachikuda zomwe zinali zisanagulitsidwe. Goliati anasuzumira. Zakuda, zofiira, za khosi lometa. Kenaka pakona, pamwamba pa mtanda, anaiona. Yakuda, ya mawanga oyera pachifuwa, tsumba lake lozungulira bwino ngati duku la pa Khirisimasi.

"Alamu," anaitana. "Tabwerani."

Emma anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"Imeneyo bwanji sunagulitse?" anafunsa Sajeni.

"Inandikongolera," anatero Silvester. "Ndimafuna mbewu yake."

Goliati anatambasula manja kuti aitenge, koma Sajeni anamugwira paphewa.

"Pepani agogo. Umenewu ndi umboni. Ikhala kupolisi mpaka mlandu utatha."

"Mukaidyetsa chiyani kumeneko?"

"Tikaona."

"Ayi. Madeya ndizibweretsa ndekha."

Anaterodi. Lolemba lililonse ankatsika kuchokera ku Kandota ndi kathumba ka madeya ndi masamba a mpiru. Apolisi anamuzolowera. Nkhukuyo anaimangira chingwe chachitali kuseri kwa ofesi, koma masana inkalowa mpaka kukauntala, n'kumayenda pakati pa miyendo ya odandaula ngati nayo ili pa ntchito.

Mbiri ya kugwidwa kwa Silvester itamveka, anthu omwe ankachita manyazi aja anayamba kutulukira. Tsiku la mlandu, kumapeto kwa Seputembala, benchi ya mboni inadzaza nkhalamba za ku Nzama ndi kuchigwa komwe. Ena anabwera atanyamula atambala awo a zipsera. Tambala mmodzi analira m'khoti momwemo, woweruza ali pakati poyankhula. Silvester anavomera mlandu wobera anthu mwachinyengo. Anamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga.

Atatuluka m'khoti, Goliati ndi Emma analunjika kupolisi kukatenga nkhuku. Anapeza apolisi atatu ataunjikana kuseri kwa kauntala. Edson anali ataima pambali, kumutu kulibe chipewa, nkhope ili gwaa.

"Kwagwanji?" anafunsa Goliati, mtima uli m'mwamba. "Yafa?"

"Siinafe, agogo," anatero Sajeni. "Yangolakwira boma. Tabwerani muone."

Pa shelefu yapansi panali chipewa cha Edson, chogadama. Nkhuku inali itangotsikamo kumene, ikutetera mokweza ngati ofesi yonse ndi yake. M'chipewamo munali dzira. Linali laling'ono, losongoka, lokhala ndi kamzere ka magazi. Loyamba.

Sajeni analitola n'kuliika m'dzanja la Goliati. Linali lofunda. Goliati analifumbata mosamala. Anayang'ana dziralo, anayang'ana nkhuku, kenaka anatembenukira kwa Emma akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Alamu," anatero, "uyu yekha sindifunsa munthu. Ndi msoti."